Laisensi ya time trial: njira yake kwa inu achimwene a ku Ntcheu ndi Dedza

Anyamata ambiri akwathu kuno, kuyambira pa Kampepuza kudutsa Lizulu, Bembeke mpakana Dedza boma, akangogwira kagalimoto kolira bwino basi mtima umakhala pa mpikisano, ndiye funso limabwera pafupipafupi loti kodi munthu wamba ungapeze bwanji pepala lothamangitsira galimoto movomerezeka, osati zopikisana usiku pa M1 zija. Njira ilipo, ndipo yofikirika kwa munthu opanda sponsor ndi ya time trial. Koma ndineneretu pano pomwe kuti tisatayitsane nthawi, laisensi imeneyi sapereka chifukwa choti mumatha kupatsa moto ayi, amapereka akaona kuti anthu ena akhoza kuyenda pafupi nanu pa sipidi ya 150 osaopa kuti muwachita zodzidzimutsa.

Time trial yo kachitidwe kake ndi aka. Mumalowa mu track, bwalo la phula lothamangitsirapo magalimoto, muli magalimoto angapo nthawi imodzi koma simukulimbirana kuti ayambe kufika ndani, aliyense akulimbana ndi wotchi. Pa galimoto amamangirira kachipangizo kotchedwa transponder, ukamadutsa pa mzere oyambira paja kompyuta imalemba nthawi, ndipo pa ma lap onse wazungulira (lap ndi kuzungulira bwalo lonse kamodzi) amatengapo imodzi yokha yachangu kwambiri, imeneyo ndi yomwe amaifanizira ndi ya anzako a kalasi yako. Palibe zotsekerezana pa kona kapena kukhulana zitseko, nchifukwa chake m'mabungwe ambiri galimoto yomwe mumapitira ku ntchito imaloledwa bola ili bwinobwino. Ku Japan komwe kumachokera ma Vitz ndi ma Sienta adzazawa amati time attack, ndipo bwalo lawo lotchuka ndi Tsukuba, makilomita 2 okha basi.

Choyamba, dziwani kokachitira

Apa ndi pogwetsa ulesi. Ku Malawi kuno tilibe bwalo la phula lomangidwira mpikisano wa magalimoto, ndiye olo ndalama mukhale nazo pasipoti ikufunikabe. Mwayi wathu ife ndi oti boda ili pakhomo ndipo abale athu ambiri ali kale ku Joni. Basi yodzera pa boda ya Dedza ija imadutsa Tete nkulowa Zimbabwe pa Nyamapanda, ndipo ku Harare kuli bwalo la Donnybrook. Mukapitirira nkuwoloka Beitbridge ndiye mwafika kochuluka, pali Zwartkops pafupi ndi Pretoria, lalifupi ndithu makilomita 2.4 ndipo kwa ine ndi labwino kuyambirapo chifukwa makona ake umawaloweza msanga, pali Red Star ku Delmas, pali Kyalami ku Midrand ya makilomita 4.5 komwe Formula 1 inachitikako komaliza mu 1993, koma kumeneko ndi kwa mtsogolo musathamangireko. Amene muli ku Cape Town lanu ndi Killarney, a ku Gqeberha ndi Aldo Scribante. Bungwe loyang'anira mipikisano ku South Africa konse ndi Motorsport South Africa, anthu amangoti MSA.

Amene muli ku America mabungwe akulu ndi awiri, SCCA (Sports Car Club of America) yomwe inayamba mu 1944 ndi NASA ya mu 1991, osati yotumiza anthu kumwezi ija, iyi ndi National Auto Sport Association. Makwerero a NASA ndi omveka bwino kuposa ena onse ndiye ndiwagwiritsa ntchito ngati chitsanzo. Mayina a magulu amasiyana dziko ndi dziko koma zomwe amayang'ana mwa dalaivala ndi zimodzimodzi.

Za mapepala sizichuluka, laisensi yanu ya ku Road Traffic ikhale yeniyeni komanso yosatha masiku, ndipo mapepala okhalira m'dziko la eniwo akhale olongosoka chifukwa dzina lanu lilowa mu kompyuta ya kalabu. Kenako musanalipire kalikonse kawonerereni kaye track day imodzi, tsiku lomwe anthu wamba amaloledwa kuyendetsa magalimoto awo mu track popanda mpikisano. Yendani ku pit, malo oimikapo ndi kukonzerapo magalimoto m'mbali mwa track, funsani anthu, imani pa kona imodzi kwa ola lathunthu nkumaona pomwe odziwa akuyambira kuponda buleki. Makalabu amafuna ma marshal ongodzipereka, aja ogwira mbendera m'mbali mwa track, ndiye ngati thumba lisanakwane lowani kumeneko, muphunzira mbendera zonse osalipira ndipo akuluakulu amene adzasainire pepala lanu adzakhala akukudziwani nkhope.

Muli kudikira ndalama kumudzi kuno, pali zomwe mungazolowere osapyola sipidi yololedwa, monga kuyang'ana patali osati pa boneti, kuyang'ana magalasi pafupipafupi, kugwira chiwongolero ndi manja awiri, kuponda ndi kusiya buleki mosadzidzimutsa okwera. Pa YouTube pali makanema ojambulidwa mkati mwa galimoto ikuzungulira Zwartkops, ndipo gemu ya Assetto Corsa Competizione ili ndi Kyalami ngati muli ndi kompyuta yamphamvu. Koma zoyeserera sipidi pa M1 ayi chonde. Pa track aliyense akupita mbali imodzi, kuli malo othawira ukaphonya kona, kuli ambulansi ndi anthu a mbendera, pamene pa M1 pali kabaza, mbuzi, ana asukulu, mathiraki, ndipo tsiku la msika pa Lizulu kapena pa Tsangano turn off anthu ndi mbatata zawo amafika mu phula mwenimweni. Komanso chizolowezi chothamanga mu msewu chimakuchedwetsa kukwera magulu, mlangizi amayamba wachotsa kaye chimenecho asanakuphunzitse china.

Chachiwiri galimoto, ndipo apa ndikhalitsapo chifukwa ndi pomwe ndalama zimawonongekera

Munthu akangomva za track amathamangira kokagula ekizozi yaphokoso, marimu akuluakulu, kukaitchuna injini. Zisiyeni zimenezo. Chaka choyamba injini musaikhudze nkomwe, chifukwa mphamvu ilipo kaleyo simunathe kuigwiritsa ntchito, komanso mu time trial makalasi amagawa poyang'ana kulemera kwa galimoto ndi mphamvu ya injini yake, ku NASA amayambira pa TT6 ya timagalimoto tofooka kukwera mpaka TT1 kenako TTU yopanda malire, ndiye ukawonjezera mphamvu mwachisawawa umaziponya wekha mu kalasi ya anthu andalama ndipo uzikhala omaliza sabata iliyonse.

Ndalama yoyamba ipite ku mabuleki. Amene munatsikapo Khwekhwerere kuchoka pa Masasa kulowera ku Golomoti pa galimoto yodzadza mukudziwa zomwe zimachitika dalaivala akamangoponda buleki osatsitsa giya, limayamba ndi fungo la chopserera lija kenako pedulo imangolowa pansi galimoto ikupitabe. Pa track ndi zomwezo, kungoti zimabwera pa mphindi zochepa. Chimachitika ndi choti brake fluid amayamwa chinyezi cha mu mpweya pang'onopang'ono, DOT 4 watsopano sawira asanafike madigiri 230 koma okhalitsa oti wamwa madzi akhoza kuwira pa 155 pokha, ndipo akawira mumapangika mpweya m'mapaipi, mpweyawo umafinyika ndiye phazi lanu likuponda mpweya osati mapadi. Choncho musangothira pamwamba ayi, makaniko achotse yense wakale athire watsopano ndi kuchotsa mpweya matayala onse anayi. DOT 4 ali bho, DOT 5.1 amafika 260, koma DOT 5 opanda .1 uja ndi wa silicone sasakanikirana ndi enawa, musalole kuti a pa shopu akuuzeni kuti ndi chimodzimodzi. Mapadi akhale oposa theka, ma disc asakhale ndi ming'alu, mapaipi a labala asakhale otupa.

Kenako matayala. A kaunjika aja ayi. M'mbali mwa tayala muli manambala anayi osonyeza pomwe linapangidwa, mwachitsanzo 2321 ndiye kuti sabata ya 23 chaka cha 2021, ndipo tayala lokalamba limauma olo mizere ikuoneka yakuya. Lotupa m'mbali kapena lomata m'mbali lichotseni. Simukufunika matayala a mpikisano poyamba, a mu msewu abwino amalira akamafika pa malire ndipo kulirako kumakuphunzitsani, pamene a mpikisano amagwira mwakachetechete kenako nkukutayani kamodzinkamodzi pa sipidi yayikulu. Manati onse akhalepo ndipo amangidwe ndi torque wrench osati kudumphira pa sipanala. Ma bearing, ma ball joint, ma tie rod asamagwedere. Batire likhale lomangidwa ndi chitsulo chake, la malegeni lija akubwezani pa geti pomwepo. Oyilo kapena madzi asamadonthe olo pang'ono chifukwa dontho lanu ndi lomwe ligwetse mnzanu wa kumbuyo, ndipo oyilo afike pa mzere wa pamwamba popeza mu kona amathawira mbali imodzi.

Galimoto yanji? Yaing'ono, ya manual, yoti ma spare ake ali paliponse. Polo kapena Golf ku Joni ndi zosasowa, BMW E36 imachita bwino ngati mwaikonza za madzi oziziritsa injini, Mazda MX-5 ndi yomwe anthu ambiri ku America amaphunzirira koma popeza ilibe denga lolimba amafuna roll bar, chitsulo cha kumbuyo kwa mipando choteteza mutu galimoto ikagudubuzika. Ma automatic a CVT ngati a Vitz zambiri amatentha msanga ukamawapanikiza. Ma bakkie ndi zazitali ngati Sienta nthawi zambiri sazilola, zimagudubuzika mosavuta.

Ndipo mvetsani ichi amwene, inshuwalansi yanu ya mu msewu silipira ngozi ya pa track. Pa geti mumasaina pepala lovomera kuti chilichonse chingachitike ndi zanu, mukagunda khoma ndi zanu, wina akakugundani aliyense amakonza yake. Ndiye galimoto ya abwana, ya ngongole yosatha kubweza, kapena yomwe mumapangira Uber kuti mutumize ndalama ya fetereza kumudzi isalowe mu track. Lowetsani yomwe itawonongeka Lolemba mupitabe ku ntchito.

Chachitatu zovala, izi ndi zachidule. Helemeti ya kabaza ija siyololedwa. Yang'anani yokhala ndi sitika ya Snell mkati, bungwe loyesa kulimba kwa ma helemeti, ya SA ndi ya galimoto chifukwa nsalu yake sigwira moto msanga, ya M ndi ya njinga yamoto, ndipo muyezo umenewu amausintha pakatha zaka 5 zilizonse, SA2015, SA2020 choncho, ndiye funsani kalabu kuti yakale kwambiri yomwe akulola ndi iti musanagule. Malo ena amabwereketsa kwa oyamba kumene. Buluku lalitali la kotoni, nsapato zotseka za pansi popyapyala kuti muzimva pedulo, osati majombo kapena mapatapata.

Chachinayi, tsiku loyamba

Lawirirani. Tulutsani chilichonse mu galimoto, jeke, tayala la sipeya ngati silomangidwa, mabotolo, ndalama zachitsulo, makamaka kapeti ya pansi pa mapedulo. Galimoto imadzera kaye kwa anthu oiunika ngati ili bwino, kenako pali msonkhano wa madalaivala omwe ukaujomba suyenda tsiku limenelo. Pamenepo ndi pomwe amanena malo opitirirana, polowera ndi potulukira ku pit, ndi mbendera. Yobiriwira njira ili bwino. Yachikasu kutsogolo kuli vuto, chepetsani sipidi ndipo osapitirira wina aliyense. Yofiira zonse zaima, chitani zomwe anena pa msonkhano paja chifukwa kwina mumaima m'mbali kwina mumabwerera ku pit pang'onopang'ono. Ya buluu kumbuyo kwanu kuli wachangu. Ya mizere yachikasu ndi yofiira phula likuterera, mwina oyilo mwina mchenga. Yakuda akukufunani ku pit, yakuda yokhala ndi bwalo la olenji pakati galimoto yanu ili ndi vuto lomwe inu simukuliona. Ya mabokosi akuda ndi oyera ija nthawi yatha. Lap yoyamba ntchito yanu ndi kuona pomwe pali nyumba iliyonse ya marshal, chifukwa mlangizi akhoza kukufunsani mwadzidzidzi kuti pa kona tadutsayi panali mbendera yanji, ndipo kuphonya mbendera ndi chinthu chomwe chimabweza anthu m'mbuyo kuposa kuchedwa.

Ku NASA maphunziro oyendetsa pa track amawatcha HPDE ndipo ali ndi magulu anayi, gulu loyamba ndi HPDE1, mlangizi amakhala pambali panu nthawi zonse, ndipo ulendo umodzi umakhala wa mphindi 20 kapena kuposa pang'ono, kangapo pa tsiku. Ayamba ndi kakhalidwe. Zogoneka mpando chagada, dzanja limodzi pa chiwongolero chigongono pa windo ngati a minibasi zithere pa geti. Mpando uimirire, mukatambasula mkono pamfundo ya dzanja pafike pamwamba pa chiwongolero msana osachoka pa mpando, manja akhale mbali ndi mbali pa 9 ndi pa 3 ya wotchi.

Kona kalowedwe kake ndi kotere, mumayambira kunja kwa msewu, kuponda buleki galimoto ikadali yowongoka, kukhota nkukakhudza mkati pa malo otchedwa apex, kenako kuisiya galimoto ituluke yokha kunja kwinaku mukuwonjezera moto pang'onopang'ono. Pafupifupi aliyense oyamba amakhota msanga chifukwa cha mantha, amafika mkati nthawi isanakwane ndiye potuluka msewu umamuthera, kenako amachotsa phazi pa moto mwadzidzidzi nkukoka chiwongolero, kulemera konse kumapita kutsogolo, kumbuyo kumapepuka basi galimoto yatembenuka. Mankhwala ake ndi kudikira pang'ono musanakhote, komanso maso, chifukwa galimoto imapita komwe mukuyang'ana, mukayang'anitsitsa khoma mupita pa khoma. Mukaona kuti msewu wakutherani tulukani mowongoka mu udzu kapena mu miyala, chepetsani sipidi, dikirani marshal akulozereni pobwerera. Ikatembenuka ndithu pondani buleki ndi kilatchi limodzi mpaka itaima, kuti anzanu adziwe komwe ithere.

Zopitirirana mu gulu loyamba ndi pa malo owongoka okha omwe anena, ndipo wa kutsogolo ndi amene amapereka chilolezo polozera ndi dzanja pa windo mbali yomwe mnzake adutse, kwina amagwiritsa indiketa. Inu opitiriridwa khalani pa mzere wanu, chotsani phazi pa moto pang'ono kuti adutse msanga, galimoto iliyonse muilozere payokha. Apa ndi pomwe mtima wa munthu umaonekera. Wina ali ndi BMW yamphamvu, pa malo owongoka amathawa, mu makona ka Polo kamamupeza nkumakhala kumbuyo kwake lap yonse, iye osalozera chifukwa cha manyazi. Ngati galimoto yakupezani ndiye kuti ndi yachangu kuposa inu, zilibe kanthu kuti ndi yotchipa bwanji, ndipo alangizi amazilemba zimenezi.

Mbendera yomaliza ikatuluka zungulirani lap imodzi mofatsa kuti mabuleki azizire. Mukaima ku pit musakoke handbrake chifukwa mapadi otentha amamatirira pa chitsulo, ikani mu giya kapena tsekerani tayala. Tsekulani boneti, yezani mpweya wa matayala akadali otentha chifukwa umakwera kwambiri, phungulani pang'ono kuti ufike pomwe mlangizi wanena, ndipo madzulo musaiwale kupopanso musanalowe mu msewu. Manati muwayeze matayala atazizira. Petulo amatha modabwitsa ndiye musayambe ulendo ndi kotala, mu kona pampu imayamwa mpweya. Imwani madzi kwambiri, mowa ndi zoti tsiku latha basi. Mukamva kutopa masana dumphani ulendo omaliza, palibe angakusekeni.

Chachisanu, kukwera magulu

HPDE2 mumayenda nokha koma malamulo opitirirana ndi omwe aja. HPDE3 malo opitirirana amachuluka ndipo sipidi ya gulu lonse imakwera. HPDE4 mumapitirirana paliponse ngakhale mu kona, ndipo ndi kuchokera mu gulu limeneli pomwe munthu amapempha laisensi ya time trial. Pokwera gulu lililonse mlangizi wamkulu amakwera nanu kapena kukutsatirani kumbuyo, ndipo sagwira wotchi. Amaona ngati mumadutsa malo omwewo lap iliyonse, ngati mumaona galimoto ya kumbuyo isanafike pa bampa, ngati mumatha kulowa kona kuchokera mbali yolakwika mutapatsa mnzanu njira, ngati galimoto ikayamba kutsetsereka mumaibweza modekha, komanso ngati mukalakwitsa mumatha kufotokoza chomwe chachitika. Munthu amene watuluka mu msewu nkubwera ku pit kunena kuti ndinakhota msanga pa kona yachitatu amamukhulupirira kuposa amene akuti ndi matayala.

Si za mwezi umodzi izi, ndipo musamachite kukakamiza kuti akukwezeni, funsani kuti chatsala ndi chani kenako kachikonzeni. Khalani ndi kabuku, tsiku lililonse mulembe bwalo, nyengo, mpweya wa matayala, zomwe mlangizi wanena, ndipo asaine. Kabuku kameneka ndi umboni wanu mukasamuka kalabu kapena dziko. Kukagwa mvula ambiri amabwerera kunyumba, inu khalani, pa phula lonyowa galimoto imatsetsereka pa sipidi yochepa ndiye mumaphunzira kuigwira popanda chiopsezo chachikulu. Yesetsaninso kuyenda mabwalo awiri kapena atatu osiyana, oloweza bwalo limodzi amaoneka katswiri mpakana tsiku lomwe wapita kwina. Ndipo olo atakulolani kuyenda nokha muziitanabe mlangizi nthawi zina, zizolowezi zoipa zimamera munthu ukakhala wekha.

Ndalama yake muiwerenge motere, yolowera pa geti ndi gawo limodzi chabe, pali petulo, mapadi, brake fluid, matayala omwe akutha msanga kuposa mu msewu, ndi yoyendera kukafika ku bwaloko. Kuli bwino kupita kamodzi pa mwezi kapena miyezi iwiri mosadukiza kusiyana ndi kuwononga zonse pa masabata atatu kenako nkusowa chaka chathunthu.

Chachisanu ndi chimodzi, kupempha laisensi yeniyeniyo

Ku NASA mumakhala membala olipira, mumakaonana ndi mkulu wa time trial wa dera lanu, amaona mbiri yanu ya HPDE4 nkukuyesani pa track, akakhutira amasaina ndipo mumatumiza fomu ndi ndalama yake. Buku la malamulo muliwerenge lonse chifukwa adzakufunsani. Galimoto nayo imafuna mapepala ake a kalasi, kulemera kwake inu muli momwemo ndi mphamvu ya injini yoyezedwa pa makina otchedwa dyno, ndipo musanamepo chifukwa tsiku la mpikisano akhoza kuikweza pa sikelo mutangotuluka mu track. SCCA nayo ili ndi magulu a oyamba, apakati ndi odziwa, ndipo ma Track Night in America awo omwe anayamba mu 2015 ndi polowera potchipirako.

Ku South Africa track day wamba simafuna laisensi ya mpikisano, koma zikafika poti nthawi ikuwerengedwa mu mpikisano wa pansi pa MSA ndiye imafunika. Mumayamba mwalowa kalabu yovomerezeka ndi MSA, ku Killarney mwachitsanzo ndi Western Province Motor Club, kenako mumapempha pa intaneti. Malaisensi awo ali pa makwerero a club, regional ndi national, inu yanu ndi ya club, ndipo pamakhala mafunso a zaumoyo ndi inshuwalansi ya ngozi ya thupi lanu, osati ya galimoto. Kwa ife a pasipoti ya Malawi pali kena kowonjezera, malamulo a FIA, bungwe loyang'anira mipikisano ya magalimoto pa dziko lonse, amafuna kuti mlendo opempha laisensi m'dziko la eni asonyeze umboni oti amakhala m'dzikomo, ndiye permit ndi pepala losonyeza pomwe mumakhala zikhale pafupi, ndipo alembereni a MSA kapena mlembi wa kalabu miyezi ingapo mpikisano usanafike osati sabata yomweyo.

Transponder mukhoza kugula kapena kubwereka pa bwalo pomwepo, zodziwika kwambiri ndi za MyLaps. Manambala a pa zitseko akhale akulu ooneka patali.

Chomaliza, mpikisano oyamba

Amakundandalitsani potengera nthawi, achangu kutsogolo ochedwa kumbuyo, kuti pasakhale kutsekerezana. Inu oyamba muli kumbuyo ndipo zili bwino choncho. Lap yotulukira ndi yotenthetsa matayala ndi mabuleki komanso kusiya mpata pakati pa inu ndi wa kutsogolo, chifukwa mukamamatira kumbuyo kwake nthawi yanu ikhala yake. Nthawi yabwino imabwera mu ma lap oyambirira matayala asanatenthe mopyola, ndipo kawirikawiri ndi m'mawa mpweya ukadali ozizira, ndiye palibe chifukwa chozunza galimoto mphindi 20 zonse masana dzuwa lili pamutu. Kankhani ma lap awiri atatu, pumulitsani imodzi mutapatuka pa mzere maso ali pa galasi kuti musaononge lap ya mnzanu, kenako yesaninso. Ku NASA ukatembenuka kapena kutulutsa matayala onse anayi kunja kwa phula nthawi zonse za ulendo umenewo amazifufuta, olo inali yabwino bwanji.

Musadabwenso galimoto ikamamveka yofooka ku Gauteng, chigawo chomwe kuli Zwartkops ndi Kyalami. Dedza ili pa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere ndipo Johannesburg ili pa 1,750, mpweya ndi opepuka, injini yopanda turbo imataya pafupifupi 3 peresenti ya mphamvu pa mamita 300 aliwonse okwera, ndiye galimoto yomweyo mukaitsitsira ku Killarney komwe ndi kufupi ndi nyanja imadzuka ndipo malo oyambira kuponda buleki amasintha, muwafufuzenso pang'onopang'ono.

Laisensi imeneyi ndi ya chaka ndi chaka, mumaikonzanso pamodzi ndi umembala wa kalabu, ndipo akhoza kukulandani mukayamba kuyendetsa mosasamala kapena kugunda anzanu. Ngati mtsogolo mudzafune mpikisano uja onyamukira limodzi nkumalimbirana kona yoyamba, imeneyo ndi laisensi ina ya pamwamba, imafuna roll cage yathunthu (zitsulo zotetezera zozungulira mkati monse mwa galimoto), suti yosagwira moto, chozimitsira moto, malamba a mpikisano, chogwiriziza khosi ndi fomu ya dokotala, ndipo kabuku kanu ka time trial kaja ndi komwe adzayambire kuyang'ana.